Atsibweni Anga a Namalima, Amene Sanakhululuke

Chaka chatha chimwalirireni atsibweni anga a Namalima, ndipo sabata yapitayi tinamaliza kumanga chiliza pamanda pawo. Abusa amene anabwera kudzapemphera ndi atsopano kuno ku Ndunde, malemuwo sanawaonepo ndi maso. Polalikira ananena kuti tikukumbukira munthu wamtendere, munthu wosasunga chakukhosi. Mayi anga, omwe ndi mlongo wawo wa malemuwo, anaphimba kumaso ndi chitenje. Anthu ankayesa akulira, koma ine ndinali pambali pawo, ndinamva kuti akuseka.

Atsibweni sanali munthu wamtendere. Chakukhosi chawo anachisamala ngati mbewu ya chimanga yopachika patsindwi, pomwe utsi umafika kuti anankafumbwe asaboole, ndipo nyengo yodzala itakwana anadzala. Ndati ndilembe za munthu weniweniyo, maulaliki asanamusandutse wina.

Anali aatali, owonda, oyenda mofulumira ngati achedwa kwinakwake. Mano a kutsogolo analibe, ndipo tikawachonderera kuti akaikitse ena ankakana, ati amene anawagulula ndi amene adzawabwezere. Dzuwa liwale, mvula igwe, ambulera yakuda inali m'manja, koma sindinawaonepo ataifunyulula. Ntchito yake inali kulozera zinthu. Ankakonda kalongonda kuposa nyama, ndipo ankamuyang'anira okha pophika, kuopa kuti wina angachedwe kutaya madzi oyamba, a poizoni aja. Chilomwe ankachiyankhula akapsa mtima basi, kotero ife ana tinadziwa Chilomwe cha matukwano tisanadziwe cha moni.

Ntchito yawo inali kuphunzitsa Histole, mbiri ya maiko. Boma linawachotsa ntchito ine ndili wamng'ono, koma anthu sanaleke kuwatcha aphunzitsi, iwonso sanaleke kuphunzitsa. Ulamuliro utasintha mu 1994, kwathu kuno kunatsegulidwa sekondale yoyendera. Ana anali ambirimbiri, mabenchi ochepa, buku la Histole limodzi lokha, lotsekeredwa mu kabati ya ahedi. Ndiye ana a Fomu 3 ndi Fomu 4 anayamba kubwera okha kunyumba kwa atsibweni akaweruka. Iwo ankawakhazika pabwalo n'kusandutsa bwalolo mapu. Khola la mbuzi linali Rasha, mtondo wa mayi unali Jeremani, ngalande ya madzi a mvula inali nyanja yolekanitsa Mangalande ndi Falansa. Ankayenda pakati pa maikowo ambulera ili patsogolo, kufotokoza mmene nkhondo yoyamba ya dziko lonse inayambira, ndani anapangana ndi ndani, ndani ananamiza mnzake. Tsiku lina mayi anabwera kudzatenga mtondo wawo kuti akonole chimanga.

"Chemwali, bwezani Jeremani pamalo pake, nkhondo sinathe!" anakuwa atsibweni.

Mayi anayankha kuti Jeremaniyo akapanda kugwira ntchito lero, Ulaya yense agona ndi njala.

Kwa anawo sankafuna kalikonse kupatula chinthu chimodzi: wina asadzanene pamaso pawo kuti zapita zapita. Mawu amenewo ankadana nawo koopsa. Ankati amene amafulumira kuwanena ndi wochita chinthucho, chifukwa kwa wochitiridwa sizipita, amagona nazo pamphasa n'kudzuka nazo. Ankatinso Histole si nyimbo yogonekera mwana ayi, ndi bwalo la milandu imene anthu anaithawa, ndipo mlandu suwola.

Kuti zimveke, ndibwerere ku nthawi ya chipani chimodzi. Atsibweni ankaphunzitsa pa sekondale ina ya m'boma lathu lino la Chiradzulu, ndipo ine ndinkakhala nawo, ndili kupulaimale. Pasukulu pomwepo pankaphunzitsanso a Sikelo, mnzawo wa paubwana, wa tsidya lina la dambo lathuli. Ankaweta mbuzi limodzi, anapita ku koleji limodzi, ndipo pa ukwati wa atsibweni ndi akazi awo a Rozina, mboni anali a Sikelo. Kenako pasukulupo panapezeka mpando wa wachiwiri kwa ahedi, ndipo mphekesera zinati upita kwa atsibweni.

Tsiku lina ankaphunzitsa za mafumu a ku Ulaya amene anagwetsedwa ndi anthu awo omwe. Mwana wina anafunsa ngati mafumuwo ankadziwa kuti adzagwa. Atsibweni anayankha kuti wolamulira aliyense amadziyesa wamuyaya, koma m'mbiri yonse ya dziko lapansi wamuyaya sanapezekepo. Masiku amenewo liwu lakuti wamuyaya linali ndi mwini wake. A Sikelo anali ataima panja, pafupi ndi windo.

Galimoto ya boma inabwera sabata yomweyo, masana, ife tikudya. Zimenezi sindinachite kumva, ndinaziona. A Sikelo anatsika m'galimotomo pamodzi ndi amuna a yunifolomu. Ndiwo analowa kuchipinda n'kutulutsa mabuku a atsibweni, chifukwa ankadziwa pomwe amakhala. Ambiri mwa mabukuwo anali atawabwerekapo. Anawaunjika pabwalo, anatsegula nyali yathu yomwe n'kuthira palafini wake, kenako anayatsa. Atsibweni anali atakhazikidwa pansi, manja ali kumbuyo mu unyolo. Atayesa kudzuka, mmodzi wa amunawo anawasasantha pakamwa ndi mfuti. Ndi mmene manowo anathera.

Anakhala m'ndende zaka zambiri popanda kuweruzidwa. A Rozina anathamangitsidwa m'nyumba ya sukulu, mwana wawo mmodzi yekhayo, Benito, ali kumsana, ndipo palibe anayerekeza kuwasenzetsa katundu. Chaka chotsatira Benito anadwala chikuku n'kumwalira. Anthu anaopa kuoneka pa maliro a mwana wa woukira boma. Manda anakumba bambo anga ndi Che Amidu, mkulu wina wachisilamu wogulitsa usipa pamsika, amene ananena kuti wakalamba kwambiri kuti ayambe lero kuphunzira mantha. Atsibweni sanauzidwe kalikonse. Atatulutsidwa, anafika pakhomo atanyamula tinsapato timene anasinthanitsa ndi jekete yawo pamsika wa Limbe. Msinkhu wa phazi anachita kuyerekeza, powerenga zaka zimene mwanayo anayenera kukhala nazo. A Rozina anangowagwira dzanja n'kuwatengera kumanda. Patangopita zaka zochepa a Rozina nawonso anamwalira, ndipo atsibweni anabwerera kwawo kuno, n'kumanga kanyumba pafupi ndi mayi anga.

A Sikelo mpando uja anaupeza, kenako anakhala ahedi, n'kupuma ntchito mwaulemu. Zipani zambiri zitabwera, anali oyamba kuno kuvala malaya a chipani chatsopano ndi kuyankhula za ufulu pamisonkhano. Anakhala mkulu wa mpingo. Sekondale yathu itatsegulidwa, anasankhidwa kukhala wapampando wa komiti. Kunyumba kwa atsibweni sanapondeko phazi. Akakumana panjira ankayamba okha kuseka chapatali n'kunena kuti, "Achimwene, zija inali nthawi. Tonse tinali pa mantha."

"Zija ziti? Zitchule," ankatero atsibweni.

A Sikelo ankangoseka n'kupalasa njinga yawo. Atsibweni anatiuza kambirimbiri kuti sakufuna mbuzi, sakufuna kugwadiridwa. Akufuna munthuyo atchule ndi pakamwa pake chimene anachita, basi. Kukhululuka munthu amene sananene kuti walakwa chiyani, ankati, n'chimodzimodzi kumanga bala lomwe muli minga m'kati.

Chidani chimenechi chinawayambanitsa ndi anthu ambiri. Tsiku lina la Mgonero, mbale ya mkate inafika pa benchi yawo ili m'manja mwa a Sikelo. Atsibweni anapinda manja n'kuyang'ana kudenga mpaka mbaleyo inadutsa. Akulu a mpingo anawaitanitsa kuti afotokoze. Iwo anati sangalandire mkate kuchokera m'dzanja lonunkha palafini. Akuluwo anagamula kuti munthu wosakhululuka sayenera kudya Mgonero, ndipo anawaimitsa. Wotentha mabuku anapitiriza kugawa mkate, wotenthedwa mabuku anakhala panja. Mayi anga ankalimbana nawo pafupifupi tsiku lililonse.

"Achimwene, chidanichi chikudya inu nomwe. Mnzanuyo akunenepa, inu mukutha ngati sopo."

"Chindidye," ankayankha. "Bola chisafe ndi njala."

Ine ndinakula n'kukhala mphunzitsi wa Histole pa sekondale yomweyo. Zaka za m'ma 2000 zitafika pakati, bungwe lina la kunja linalonjeza kutipatsa makompyuta ndi intaneti. Atsibweni atamva anapukusa mutu, ati kabokosi sikangaphunzitse mwana. Ndinawakakamiza kuti makompyutawo asanafike akadzionere okha, ndipo tinakwera minibasi kupita ku Limbe, ku kasitolo kena komwe anthu ankagwiritsako ntchito intaneti. Anakana kugwira mausi, anakananso kukhala pansi. Anaima kumbuyo kwanga, ambulera ikuloza pagalasi, mpaka mwini sitoloyo anapempha kuti aitsitse.

Ndinawatsegulira masamba a mayunivesite ndi a nyumba zosungiramo zinthu zakale. Panali mapu osonyeza mmene malire a maiko a ku Ulaya anasinthira nkhondo itatha. Panali zithunzi za asilikali ali m'maenje, ena mwa iwo akuda ngati ife. Intaneti inali yochedwa, chithunzi chinkatsika pang'onopang'ono kuyambira kumutu, ndipo atsibweni ankatchula chomwe chili chisanafike m'chiuno. Kenako tinapeza tsamba la mabuku akale oti munthu awerenge onse, kuyambira pachikuto mpaka kumapeto. Anandiuza maina angapo kuti ndifufuze. Ena mwa mabuku amene anapsa pabwalo paja anali momwemo, athunthu. Apa ndi pomwe anakoka mpando n'kukhala. Kenako anaseka mpaka anthu onse m'sitolomo anatembenuka.

"Ndiye kuti Sikelo anangowononga palafini wathu!"

Sikuti anakhulupirira zonse. Tinawerenga tsamba lina lonena za dziko lathu, limene linalemba kuti Alomwe anabwera kuchokera ku Mozambiki kudzafuna ntchito m'maesiteti, osatchulapo thangata. Anati wolembayo zikuoneka kuti agogo ake sanalimepo munda wa mzungu popanda malipiro. Kuyambira pamenepo lamulo lawo kwa ana linali lakuti tsamba lililonse alifunse mafunso awiri, walemba ndani, ndipo zinthuzo zikuchitika iye anaima mbali iti. Ankatinso nkhani yopezeka pa tsamba limodzi lokha ndi mphekesera, kufikira itapezeka mboni yachiwiri.

Tisananyamuke anandifunsa kuti, "Mphwanga, maiko ena amene anagwetsa ulamuliro wankhanza nthawi imodzi ndi ife, anatani nawo akazitape?"

Ndinafufuza. Tinawerenga za kum'mawa kwa Jeremani, komwe boma litagwa anatsegula zipinda za apolisi achinsinsi, ndipo munthu ankaloledwa kukadziwa amene ankamupereka; ena anapeza kuti anali mnzawo wa pamtima, ena mwamuna wawo. Tinawerenga za ku Joni, komwe ozunza anzawo ankaima pagulu n'kufotokoza zomwe anachita asanapemphe chikhululukiro. Atsibweni anawerenga nkhope itatsala pang'ono kukhudza galasi. Tinabwerera pa minibasi n'kutsika. Tikuyamba kanjira ka kumudzi ndi pomwe ananena kuti, "Anzathu anatsegula mabokosi. Ife kuno tinangosintha nsalu."

Pakati pa ana amene ankabwera pabwalo pawo chaka chimenecho panali Felesiya, mtsikana wa Fomu 4, mdzukulu wa a Sikelo. Tsiku loyamba mayi anafuna kumubweza, koma atsibweni anati mwana alibe mlandu. Anali wanzeru kuposa anzake onse, wosavomera chinthu asanachitembenuze mbali zonse, ndipo ndi yekhayo amene ankayerekeza kutsutsana nawo. Ankamutcha loya. Anzake akapita, iye ankatsala, awiriwo akukangana za chimene chinagwetsa mafumu a ku Rasha mpaka mbuzi zitalowa m'khola. Ndinkaona kuti atsibweni amamukonda mwanayo, ndipo mpaka lero ndimakhulupirira choncho.

Makompyuta atafika, dishi ya intaneti itamangidwa padenga, atsibweni anayamba kubwera kusukulu Lachisanu lililonse kudzathandiza ana kufufuza. Ahedi anakonza mwambo wotsegulira chipindacho, ndipo anandipempha kuti ndisankhe mwana mmodzi woti adzaonetse alendo mmene ophunzira angafufuzire mbiri ya maiko pa intaneti. Atsibweni anati akhale Felesiya, ndipo mutu wake ukhale zimene maiko amachita ulamuliro wankhanza ukatha. Anamukonzekeretsa okha. Anthu amandifunsa ngati ndinkadziwa chomwe chinali m'mutu mwawo. Sindinkadziwa. Koma ndikanadziwa, sindikanaletsa.

Tsikulo kunabwera alendo a ku boma, azungu awiri a bungwe lija, mafumu, ndi makolo ambiri moti ena anaima m'mawindo. A Sikelo, atavala suti, ndiwo anadula riboni. Poyankhula anati ana athu ndi amwayi, tsopano awerenga mbiri ya dziko lonse popanda wowatsekereza. Anati iwo kale ankavutika, mabuku ankasowa. Ndinayang'ana kumbuyo komwe atsibweni anakhala. Anali akugwedeza mutu kuvomereza.

Felesiya anakhala pa kompyuta, zithunzi zikuoneka zikuluzikulu pakhoma. Anayamba ndi chithunzi cha anyamata a ku Jeremani akuponya mabuku pamoto, nkhondo yachiwiri isanayambe. Anafotokoza tsamba lomwe anachipeza, amene analemba tsambalo, ndi tsamba lachiwiri limene anatsimikizira nalo nkhaniyo. Anaonetsa zipinda zija zodzaza mapepala a akazitape, anaonetsa anthu a ku Joni akuulula pagulu. Ankayankhula Chingerezi n'kumasulira yekha m'Chinyanja kuti makolo amve. Anthu anawomba m'manja asanamalize n'komwe, ndipo a Sikelo anatembenukira kwa alendo n'kunena mokweza kuti, "Mdzukulu wanga ameneyo!"

Atsibweni anali atamuphunzitsa kuti wofufuza woona mtima amamaliza ndi chimene sanachipeze. Ndiye Felesiya anamaliza choncho.

"Za dziko lathu ndafufuzanso," anatero. "Ndapeza kuti kunali anthu otsekeredwa popanda mlandu. Koma za amene ankawapereka sindinapeze paliponse. Ndiye funso langa ndi lakuti, kodi kwathu kuno akazitape kunalibe?"

Linali funso la mwana wofunadi kudziwa. Atsibweni anaimirira.

"Analipo, loya wanga. M'kompyutamo sudzawapeza, sanalowemo. Koma ndinakuphunzitsa kuti masamba akasowa, umafunsa mboni yoona ndi maso. Tabwezeretsa chithunzi cha moto chija."

Felesiya anachibwezeretsa, akumwetulira, poganiza kuti ndi mbali ya phunziro.

"Tsopano funsa agogo ako kuti palafini anamutenga m'nyali ya ndani."

Ahedi anadzuka n'kunena kuti, "Aphunzitsi, chonde, lero ndi tsiku la chisangalalo."

"Inenso ndikusangalala, ahedi," anayankha atsibweni.

Kenako anafotokoza zonse, kuyambira pa funso la mwana uja m'kalasi mpaka pa tinsapato ta Benito. Sanakweze mawu, sanatukwane, sanayankhule Chilomwe ngakhale liwu limodzi. Anaphunzitsa monga ankaphunzitsira pabwalo, mwadongosolo, ambulera ikuloza pachithunzi kenako ikuloza pa suti. Wina anali akunong'onezera azungu aja m'Chingerezi, ndipo ndinaona nkhope zawo zikusintha. A Sikelo anaimirira.

"Zakale zimenezo, achimwene. Tonse tinali pa mantha."

"Pawindo paja unkaopa ndani?" anafunsa atsibweni. "Ndani anakutuma kuima pamenepo? Ndani anakuuza kuti utsegule nyali?" Munthu wamkulu, wapampando, kumutchula kuti iwe pamaso pa mafumu, anthu anayang'anizana. Koma iwo ankamutchula monga ankamutchulira akuweta mbuzi.

Felesiya anatembenuka pampando. "Agogo, ndi zoona?"

A Sikelo sanamuyang'ane. Anayang'ana alendo, anayang'ana ahedi, ngati wina awapulumutsa. Amene anayankha ndi mayi anga, omwe aja ankalalikira chikhululukiro tsiku ndi tsiku. Anaimirira pakati pa amayi, anamanga bwino chitenje, n'kunena kuti, "Ndi zoona, mwana wanga. Mtembo wa Benito ndinausambitsa ndekha, kunalibe wondithandiza." Atatero anakhala pansi.

A Sikelo anatuluka, anthu akuwapatukira mwakachetechete. Chipewa chawo chinatsala patebulo pafupi ndi lumo lodulira riboni. Felesiya anatseka masamba onse limodzilimodzi, anazimitsa kompyuta bwinobwino monga ndinaphunzitsira ana, kenako naye anatuluka.

Mawa lake masana Felesiya anabwera kunyumba. Sanagwade, sanapereke moni. Anaima pafupi ndi khola la mbuzi n'kufunsa kuti, "Aphunzitsi, munkandiphunzitsa chifukwa cha nzeru zanga, kapena chifukwa cha agogo?"

"Zonse ziwiri," anayankha atsibweni. Kunama sankakudziwa.

"Mukanandiuza."

"Ukanakana."

"Mwina sindikanakana. Koma simunandifunse. Mwandiyesa palafini wanu."

Mtsikanayo anatembenuka n'kuwoloka dambo, ndipo pabwalo paja sanapondenso. Mayeso atatuluka, Histole anakhoza kuposa mwana aliyense amene sukulu yathu inaphunzitsapo, n'kupita ku yunivesite. Akabwera patchuthi ankapereka moni kwa mayi ndi kwa ine, atsibweni n'kuwadutsa ngati mtengo. Agogo akenso ndinamva kuti sankadya nawo mbale imodzi. Tsiku lina atsibweni ananena kuti Sikelo wawalandanso mwana wachiwiri. Mayi anawayankha kuti, "Ayi, achimwene. Uyu mwataya nokha." Sanatsutse, komanso sanapepese. Atafunsidwa ngati angachitenso zomwezo, anati inde, koma akanakonda kuti mwanayo akhale wopusa pang'ono kuti asamusowe chonchi.

Mudzi unagawikana. Ena ankati aphunzitsi achita bwino, ena ankati achititsa manyazi sukulu pamaso pa alendo, enanso ankangokhala chete chifukwa nawonso anali ndi mawindo awo amene anaimapo. A Sikelo anatula upampando, ndipo kutchalitchi anasiya kukhala kutsogolo. Kusukulu, ana poyamba ankawaopa atsibweni, Lachisanu ankakhala okha pa kompyuta ya kumapeto. Koma mayeso atayandikira anabwerera, ndipo ena anayamba kufunsa makolo awo mafunso amene sankafunsidwa m'nyumba zimenezo.

Patapita miyezi ingapo a Sikelo anagwa ali kumunda, n'kufa ziwalo mbali imodzi. Pakamwa panapotoka, mawu anatha. Anthu ananong'ona kuti aphunzitsi awapha munthu ndi manyazi. Atsibweni atamva sanasangalale, anapsa mtima. Ankati munthuyo wathawanso, pakamwa patsekeka asanatchule. Abale a a Sikelo anayamba kuwatulutsa m'mawa uliwonse kuti aothere dzuwa pakhonde pawo, tsidya lija. Atsibweni ananyamula mpando wawo n'kukauika kuseri kwa nyumba, pa kachulu komwe khondelo limaonekera bwino. M'mawa uliwonse ankakhala pamenepo, manja ali pa mawondo, osawerenga, osayankhula, kungoyang'ana. Ankati kwa Mulungu atsala ndi pempho limodzi, kuti adzaponye dothi pa bokosi la Sikelo ndi dzanja lawo.

Pempho limenelo silinayankhidwe. Nyengo yozizira ya chaka chatha, chiperoni chitakuta kwa masiku angapo, anakana kulowa m'nyumba, n'kudwala chibayo. Tinawatengera kuchipatala koma mphamvu zinali zitatha. Tsiku lomaliza anandikodola kuti ndiwerame.

"Ali moyo?"

"Ali moyo, atsibweni."

"Ndiye wandiposanso," anatero, n'kutseka maso.

Maliro ali m'nyumba, a kwa Sikelo anatumiza uthenga kuti akufuna kuwabweretsa panjinga adzaone nkhope ya mnzawo. Abale ena anati tivomere, imfa imathetsa zonse. Mayi anafunsa wotumidwayo ngati bamboyo wayambanso kuyankhula. Anati ayi. "Ndiye adzanena chiyani?" anatero mayi, ndipo nkhani inathera pomwepo. Felesiya anabwera. Anatunga madzi ndi amayi, anatsuka mbale, koma anthu atanyamuka kupita kumanda iye anatsala.

Mpando uja mayi anaulowetsa m'nyumba. Pa kachulu patsala timaenje ta miyendo yake, ndi malo osalala kutsogolo pomwe zidendene zawo zinkapuma. Udzu wayamba kumera m'mphepete koma pakati sunafike. Ukaima pamenepo umaona dambo lonse, madimba a kabichi, njira yopita kuchitsime, ndi khonde la tsidya lija. A Sikelo amatulutsidwabe m'mawa uliwonse. Mwana wawo wamkazi amawakhazika moyang'ana kumsewu kuti aziona anthu odutsa, koma iwo amabuula osaleka mpaka atawatembenuzira kuno. Chimene amafuna palibe akuchidziwa, ndipo iwo sangachinene. Msuweni wanga anafuna kudzalapo nthochi pa kachulupo, ati dothi lake ndi labwino. Ndinamukaniza. Nthochi zikakula zidzatchinga. Pakhale poyera choncho, aziyang'ana.